Chimpukutu pansi pa tebulo la maapozi: momwe amayi a ku Britain adapezera voti

Pa 7 Juni 1866 amayi awiri, Emily Davies ndi Elizabeth Garrett, adalowa mu Westminster Hall ku London atanyamula chimpukutu chachikulu cha mapepala. Pamapepalapo padasayina amayi pafupifupi 1,500 opempha kuti nawonso aziloledwa kuvota. Phungu amene adapangana naye kuti akatule pempholi m'Nyumba ya Malamulo, John Stuart Mill, adali asadafike, ndipo awiriwo ataona kuti maso a abambo onse odutsa ali pa iwo adagwidwa ndi manyazi. Chapafupi padali mayi wina wogulitsa maapozi. Adamupempha kuti awabisireko katunduyo pansi pa tebulo lake, iye n'kuvomera. Akuti atamva zomwe zidalembedwamo adati nayenso asayina.

Kuchokera tsiku limenelo mpaka pomwe mayi wa ku Britain adayamba kuvota pa mfundo zofanana ndi za mwamuna padapita zaka 62. Ambiri mwa osayinawo adatsikira kulichete asadagwirepo pepala lovotera.

Chidachedwetsa zinthu chonchi n'chiyani? Yankho lofulumira ndi lakuti abambo ankaderera nzeru za amayi, ndipo zimenezo zidalipodi. Koma dziko lomwelo linkalamulidwa ndi mkazi, Mfumukazi Victoria, kuyambira 1837 mpaka 1901, ndipo palibe ankati ufumu wagwa chifukwa cha iye (mwini wakeyo, tinene, nkhani ya ufulu wa amayi ankadana nayo kwambiri). Chenicheni chidali masamu. Nthawi iliyonse nkhaniyi ikafika m'nyumbamo, aphungu ankayamba awerengera kaye: amayi angati, amayi ake ati, ndipo akavotera chipani chiti.

M'zaka za m'ma 1800 voti ku Britain sidali ya munthu aliyense wamkulu ngati momwe tikudziwira lero. Idali ya eni katundu: wokhala ndi malo, wokhala ndi nyumba, kapena wolipira lendi yofika pamlingo woikika. Abambo ambirimbiri osauka nawonso sankavota, ndipo ngakhale pambuyo pa kusintha malamulo mu 1867 ndi 1884, abambo anayi mwa khumi aliwonse adali akadali kunja. Tsono voti ikamangiriridwa ku katundu, mkazi wokwatiwa adali atagwa kale, chifukwa lamulo la ku England linkati mkazi akangolowa m'banja, iye ndi zake zonse, ngakhale malipiro a thukuta lake, zili m'manja mwa mwamuna. Izi zidayamba kusintha ndi malamulo a 1870 ndi 1882. Kwa ife a kuno, makamaka m'madera a chikamwini komwe munda umayenda ndi mbumba ndipo ntchembere zimakhala ndi mawu posankha wolowa ufumu, nkhani yotere imamveka yachilendo. Komatu ndi anthu a malamulo amenewa omwe mu 1891 adadzaika dziko lino pansi pa ulamuliro wawo.

Mbeta ndi amayi amasiye okhala ndi katundu ndiwo adali funso lovuta. Msonkho ankakhoma ngati wina aliyense. Lamulo la 1832 ndi lomwe lidalemba mosabisa koyamba kuti wovota akhale mwamuna. Mu 1867 Mill adapempha kuti m'bilu yatsopano ya zisankho mawu oti "mwamuna" achotsedwe, palembedwe "munthu". Aphungu 73 adavomereza, 196 adakana. Chaka chomwecho ku Manchester dzina la Lily Maxwell, mayi wamasiye yemwe adali ndi kasitolo, lidalowa m'kaundula wa ovota mwangozi chifukwa ankalipira msonkho wa nyumba. Lydia Becker, mtsogoleri wa gulu la amayi mumzindawo, adamuperekeza kukavota, ndipo woyendetsa chisankho adasowa pomukanira. Amayi oposa 5,000 a ku Manchester atayesa kulembetsa potsatira chitsanzochi, khoti mu 1868 lidagamula kuti n'zosatheka. Mmodzi mwa maloya omwe adaimira amayiwo adali Richard Pankhurst, dzina lomwe tikumana nalonso.

Zaka makumi atatu zotsatira zidali za misonkhano, makalata ndi mabilu omwe ankafera m'njira. Panali tina topeza: kuyambira 1869 mbeta ndi amasiye olipira msonkho adaloledwa kuvota pa zisankho za makhonsolo. Koma za aphungu, ayi. Uku zili chonchi, maiko ang'onoang'ono a mu ufumu womwewo adadumpha mwini wake. New Zealand idapereka voti kwa amayi onse, kuphatikizapo a mtundu wa Māori, pa 19 Sepitembala 1893, Kate Sheppard ndi anzake atasonkhanitsa masiginecha pafupifupi 32,000. Finland, yomwe sidali mu ufumu wa Britain, idatsatira mu 1906, ndipo chaka chotsatira idasankha aphungu aakazi 19.

Mu 1897 timagulu tambiri ta ku Britain tidaphatikizana n'kupanga National Union of Women's Suffrage Societies, mwachidule NUWSS, ndipo mtsogoleri wake wodziwika adali Millicent Fawcett, mng'ono wake wa Elizabeth Garrett uja wa chimpukutu. Njira ya Mayi Fawcett idali ya kuona maso a nkhono n'kudekha: kukopa aphungu mmodzimmodzi, kuchititsa misonkhano, osaphwanya lamulo ngakhale limodzi. Ena kudekhako kudawakwana. Pa 10 Okutobala 1903 Emmeline Pankhurst, mkazi wamasiye wa loya uja, adaitana amayi ochepa kunyumba kwake ku Nelson Street ku Manchester n'kuyambitsa Women's Social and Political Union, WSPU. Mfuu yawo idali yakuti zochita, osati zoyankhula.

Zochitazo zidayamba ndi funso limodzi. Pa 13 Okutobala 1905, pamsonkhano wa chipani cha Liberal ku Free Trade Hall, Christabel, mwana wa Mayi Pankhurst, ndi Annie Kenney, yemwe adayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10 ndipo adadukako chala, adaimirira n'kufunsa Sir Edward Grey, mmodzi mwa atsogoleri a chipanicho, ngati boma la Liberal lidzapereke voti kwa amayi. Sadayankhidwe. Adafunsanso, n'kutulutsidwa mokankhidwa. Panja Christabel adalavulira wapolisi mwadala kuti amangidwe, ndipo onse awiri adakana kulipira chindapusa, n'kusankha ndende. Nyuzipepala zomwe kwa zaka zambiri zinkangodutsa nkhani ya voti ya amayi zidayamba kuilemba patsamba loyamba. Mu 1906 Daily Mail idawapatsa dzina lonyoza loti suffragette, ngati kunena kuti timayi tofuna voti. Iwo adalitola n'kuliyesa lawo.

Kuyambira 1908 nduna yaikulu idali Herbert Asquith, munthu yemwe nkhaniyi sankaifuna n'komwe. Koma vuto silidali iye yekha. Aphungu ambiri a Liberal ankavomereza mfundo yoti amayi azivota, koma ankaopa kuti voti ikapita kwa amayi a katundu okha, amenewo akavotera Conservative. Atsogoleri ena a Conservative ankaona phindu lomwelo, koma aphungu awo wamba sankafuna kumva za mkazi pandale. Chipani cha Labour, chomwe chidali chaching'ono, chinkafuna voti ya akulu onse, osati ya mabwana aakazi okha. Bilu ikakhala yopapatiza inkakanidwa ndi awa, ikakhala yotambasuka inkakanidwa ndi awo. Ndipo padalinso amayi ophunzira bwino omwe mu 1908 adapanga bungwe lawo lotsutsa voti ya amayi, ponena kuti za nkhondo ndi za ufumu n'za abambo, amayi awo ndi masukulu, zipatala ndi makhonsolo.

Mbali yowawa kwambiri ya mbiriyi idachitikira m'ndende. Mu Julayi 1909 Marion Wallace Dunlop adanyanyala chakudya ku ndende ya Holloway pofuna kuti azimutenga ngati mkaidi wa ndale, osati chigawenga wamba. Patatha maola 91 adamutulutsa poopa kuti angafere m'manja mwa boma. Anzake adatengera, ndipo pofika Sepitembala boma lidalamula kuti azidyetsedwa mokakamiza. Zinkachitika motere: asilikali aakazi a ndende angapo ankamupanikiza mkaidi pampando kapena pabedi, dokotala n'kumulowetsa kapaipi ka labala m'mphuno, kapena kumukanula pakamwa ndi chitsulo n'kukankhira paipiyo kukhosi mpaka m'mimba, kenako n'kuthiramo mkaka wosakaniza ndi mazira. Ambiri ankasanza pomwepo. Mano ankathyoka, ndipo zikalakwika chakudyacho chinkalowera m'mapapo. Ena ankachitidwa zimenezi kawiri kapena katatu patsiku kwa milungu.

Boma linkati limachita izi mosayang'ana nkhope. Lady Constance Lytton, wa m'banja lolemekezeka, mlongo wake wa bwana wina wa m'nyumba yapamwamba ya malamulo ya Lords, adaganiza zoliyesa. Atamangidwa ku Newcastle mu 1909 madokotala adamupima, n'kupeza kuti mtima wake ndi wofooka, ndipo adamutulutsa osamudyetsa mokakamiza. Mu Januwale 1910 adameta tsitsi, n'kuvala zovala zotchipa ndi magalasi, n'kudzitcha Jane Warton, telala wosauka, ndipo adamangitsa dala ku Liverpool. Ku ndende ya Walton palibe adalabadira za mtima wa Jane Warton asadamulowetse paipi. Adamudyetsa mokakamiza maulendo 8 asadamuzindikire. Mtima udali womwewo, chidasintha ndi dzina ndi diresi. Mu 1912 adachita sitiroko n'kufa ziwalo mbali imodzi, ndipo adamwalira mu 1923.

Mu 1910 aphungu a zipani zonse adayesa kukumana pakati ndi bilu yomwe ikadapatsa voti amayi pafupifupi 1 miliyoni. WSPU idayamba yaimika zionetsero zake. Bilu idadutsa gawo lachiwiri, koma Asquith adakana kuipatsa nthawi yoti ipitirire. Pa 18 Novembala amayi pafupifupi 300 adaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo apolisi mmalo mongowamanga adawamenya, kuwagwetsa ndi kuwagwira malo osayenera kwa maola ambiri. Nduna ya za m'dziko panthawiyo, Winston Churchill, idakana kuti pakhale kafukufuku. Mu Malichi 1912 bilu yofanana nayo idagwa ndi mavoti 14 okha, ndipo ena mwa omwe adaigwetsa adali aphungu a ku Ireland, omwe ankaopa kuti boma la Asquith likagwedezeka, nkhani yawo ya kudzilamulira igwera limodzi. Masamu aja.

Apa ndi pomwe WSPU idatembenukira ku katundu. Pa 1 Malichi 1912 amayi ovala bwinobwino adatulutsa tinyundo m'zikwama nthawi imodzi n'kuswa magalasi a masitolo akuluakulu m'misewu ya pakati pa London. Kenako kudabwera kuthira asidi m'mabokosi a makalata, kudula mawaya a telegalafu, kutentha nyumba zopanda anthu, masiteshoni a sitima ndi matchalitchi. Mu Febuluwale 1913 bomba lidaphulika panyumba yomwe ankamangira nduna ya zachuma David Lloyd George. Boma lidayankha ndi lamulo lomwe anthu adalitcha la mphaka ndi khoswe: mkaidi akafooka ndi njala ankamutulutsa, akapezako mphamvu n'kumugwiranso. Pa 4 Juni chaka chomwecho Emily Wilding Davison adalowa m'bwalo la mpikisano wa mahatchi ku Epsom, hatchi ya Mfumu George V n'kumugunda. Adamwalira pa 8 Juni. M'thumba mwake mudali tikiti ya sitima yobwererera ku London, n'chifukwa chake mpaka lero anthu amatsutsana ngati adapita kukafa kapena ankangofuna kukoleka mbendera ya gulu pahatchiyo.

Kodi zachiwawazi zidathandiza? Ine ndimaona kuti phokoso la zaka zoyambirira, la mafunso pamisonkhano ndi kulolera ndende, ndi lomwe lidadzutsa nkhani yomwe idagona, ndipo ngakhale gulu la Mayi Fawcett lidapindula nalo, popeza mamembala ake adakwera kufika pafupifupi 50,000. Koma moto ndi mabomba zidapatsa Asquith chodzikanira chabwino, choti boma silingagonjere oswa malamulo, ndipo aphungu ena omwe kale ankavomera adabwerera m'mbuyo. Mkati mwa WSPU namonso mudali mavuto: Emmeline ndi Christabel sankalola kutsutsidwa, ndipo mu 1914 adachotsa m'gululi Sylvia, mwana wina wa Emmeline, chifukwa chogwira ntchito ndi amayi osauka a kummawa kwa London komanso ndi a Labour. Chomwe chimaiwalika kawirikawiri n'chakuti patangopita masiku ochepa Davison ataikidwa, amayi a NUWSS adayenda wapansi kuchokera kumalekezero onse a England ndi Wales kwa milungu isanu ndi umodzi, n'kukakumana ku Hyde Park pa 26 Julayi 1913, anthu pafupifupi 50,000, popanda galasi limodzi losweka. Zithunzi za ulendowu sizitchuka ngati za hatchi ya mfumu.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu Ogasiti 1914, WSPU idasiya zonse n'kuyamba kuthandiza boma kukopa anyamata kuti akalowe usilikali. Amayi adalowa ntchito za m'mabasi, m'mabanki, m'minda, ndipo pafupifupi 1 miliyoni adali m'mafakitale a zipolopolo ndi mabomba, komwe mankhwala a TNT ankawasandutsa khungu lachikasu. Nkhani yomwe imakambidwa kwambiri ndi yakuti voti idabwera ngati zikomo pa ntchito imeneyi. Pali zifukwa ziwiri zokayikira. Choyamba, amayi a ku France adagwira ntchito zomwezo, koma voti adaipeza mu 1944. Chachiwiri chili m'lamulo lenilenilo.

Chidakakamiza boma kukhudza malamulo a zisankho ndi abambo. Lamulo lakale linkafuna kuti wovota akhale atakhala pamalo amodzi miyezi 12, ndiye kuti asilikali omwe adali kunkhondo adali atafufutika m'kaundula. Sikukadatheka kuchititsa chisankho omenya nkhondo ali kunja. Ndipo kaundula atatsegulidwa, sikudali kothekanso kuwauza amayi kuti dikirani, pambuyo pa zaka 50 za kupempha, komanso poopa kuti moto wa 1913 ungabuke kachiwiri. Msonkhano wa aphungu a zipani zonse, wotsogozedwa ndi sipikala, udakonza mgwirizano, ndipo mu Juni 1917 ndime ya amayi idadutsa ndi mavoti 385 kwa 55. Asquith yemwe, amene apa adali atachoka pampando, adati wasintha maganizo.

Lamulo lidasayinidwa pa 6 Febuluwale 1918. Mwamuna aliyense wa zaka 21 adapeza voti, ndipo amene adapita kunkhondo ankavota ali ndi zaka 19. Mkazi ankayenera kukhala ndi zaka 30, komanso akhale mwini nyumba kapena wolipira lendi payekha, kapena mkazi wa munthu wotero, kapena womaliza maphunziro a kuyunivesite. Amayi pafupifupi 8.4 miliyoni adalowa m'kaundula. Chikomekome cha mkuyu: atsikana aja achikasu a m'mafakitale, ambiri a iwo osakwana zaka 30 ndipo ogona m'zipinda za eni, adatsala kunja. Zaka 30 sizidachokere ku kafukufuku wina aliyense wa kukhwima kwa nzeru. Amayi adali ochuluka kale kuposa abambo, nkhondo idapha abambo oposa 700,000, ndipo aphungu sadafune kuti ovota aakazi apose aamuna. Mayi Fawcett adadziwa zonsezi koma adalandira, poona kuti khomo likatseguka pang'ono silitsekekanso.

Zodabwitsa sizidathere pomwepo. Lamulo lina la Novembala 1918 lidalola mkazi wa zaka 21 kuima nawo pachisankho cha aphungu, kotero mtsikana wa zaka 25 akadatha kukhala phungu koma osatha kudzivotera yekha. Pachisankho cha Disembala 1918 padaima amayi 17 ndipo adapambana mmodzi, Constance Markievicz wa chipani cha Sinn Féin cha ku Ireland, ali m'ndende ya Holloway, ndipo monga anzake onse a chipanicho adakana kukakhala m'nyumba ya ku London. Woyamba kukhala pampando adali Nancy Astor mu Disembala 1919, mayi wolemera wobadwira ku America yemwe adalowa m'malo mwa mwamuna wake ku Plymouth ndipo sadamenye nawo nkhondo ya voti.

Patapita zaka khumi dziko lisadagwe, boma la Conservative la Stanley Baldwin lidafananitsa zonse. Lamulo la pa 2 Julayi 1928 lidapereka voti kwa mkazi aliyense wa zaka 21, n'kuonjezera amayi pafupifupi 5 miliyoni. Emmeline Pankhurst adali atamwalira pa 14 Juni, masiku 18 m'mbuyomo. Millicent Fawcett, yemwe adali m'chipinda cha alendo pomwe Mill ankayankhula mu 1867, adaziona ndi maso ali ndi zaka 81.

Kuwerengera mitu komweku kudatsikira kuno kummwera kwa Africa, kungoti mpanda wake udali khungu. Ku Southern Rhodesia amayi adaloledwa kuvota mu 1919, koma mlingo wa chuma ndi maphunziro udapangitsa kuti akhale azungu pafupifupi onse. Ku South Africa boma la J.B.M. Hertzog mu 1930 lidapereka voti kwa amayi achizungu okhaokha, ndipo ovota achizungu atachuluka kawiri, mphamvu ya abambo akuda ochepa omwe ankavota ku Cape idatsika ndi theka. Mayi wakuda wa ku South Africa adadikira mpaka 1994.

Ku Nyasaland amayi sadamenye nkhondo yawoyawo ya voti, chifukwa amuna awo nawonso adalibe. Nkhondo idali imodzi, yolimbana ndi chitaganya ndi utsamunda. Rose Chibambo, yemwe nkhope yake ili pa K200, adasonkhanitsa amayi mu Nyasaland African Congress, ndipo mu 1959 adatsekeredwa ku Zomba ali ndi khanda la masiku ochepa. Chisankho cha pa 15 Ogasiti 1961 chidali ndi makaundula awiri, wapamwamba ndi wapansi, ndipo polembetsa ankayang'ana ndalama, katundu ndi kudziwa kulemba ndi kuwerenga, mfundo zomwe Lily Maxwell akadazizindikira. Lamulo silidatchule kuti mkazi asavote, koma ndi amayi angati a nthawi imeneyo adali ndi sukulu ndi malipiro? Olembetsa onse adangopitirira pang'ono 100,000 m'dziko la anthu mamiliyoni atatu kapena kuposerapo.

Voti ya munthu wamkulu aliyense, mwamuna ndi mkazi, idafika pachisankho cha 1964. Koma oimira Malawi Congress Party onse adadutsa opanda opikisana nawo, ndiye palibe adaponya voti. Mayi Chibambo adalowa m'Nyumba ya Malamulo ndipo adali wachiwiri kwa nduna, koma mu Sepitembala chaka chomwecho adachotsedwa pa mkangano wa nduna ndi Kamuzu Banda, kenako n'kuthawira ku Zambia. Zisankho za m'nthawi ya chipani chimodzi zidali zosankha munthu, chipani chili chomwecho. Tsiku lomwe mayi wa ku Ntchisi kapena ku Chikwawa adaima pamzere ndi mwana kumbuyo n'kusankha pakati pa njira ziwiri zosiyanadi lidali 14 Juni 1993, pa riferendamu ya nyali ndi tambala wakuda. Mayi Chibambo adali akadali kunja kwa dziko. Adabwerera kwawo mu 1994.